Sensa yazima, koma yaizimitsa ndani?

Vuto ili limabwera chaka ndi chaka kwa ophunzira a kemisitiri amene asankha pulojekiti yopanga sensa yowala yozindikira tizidutswa ta zophulika. Munthu wanyika kapepala m'mankhwala owala, wakaumitsa, wakaika pansi pa nyali ya UV (kuwala kosaoneka ndi maso), ndipo kakuwala bwinobwino. Wadonthezapo picric acid (asidi wachikasu wa m'gulu la zophulika) wosungunula kwambiri, kuwala kwachepa, iye n'kuthamanga: "Aphunzitsi, yagwira!" Mawa lake akabwereza, kuwala kukuchepa asanadonthezepo kalikonse. Mkuja wake kapepala kakuchita kukana kuzima ngakhale athirepo madontho atatu. Manambala a Lolemba sakugwirizana ndi a Lachinayi, pamene tsiku lopereka lipoti lili pakhomo.

Ndalemba izi poganizira labu ya kuno ku Mzuzu yopanda zida zodula, kumene nyali mwina ndi tochi yogula m'tauni ndipo choyezera kuwala ndi kamera ya foni. Komabe zambiri mwa izi zimawagweranso amene ali ndi fluorimeter yeniyeni, makina oyezera kuwala kotereku.

Tikumbutsane kaye chimene chimachitika. Mankhwala owala amayamwa kuwala kwa UV, elekitironi imalandira mphamvu n'kukwera, ndipo pobwerera pamalo pake imatulutsa kuwala kooneka ndi maso, kwabuluu kapena kobiriwira. Chophulika chotchedwa TNT, m'bale wake DNT ndi picric acid zili ndi magulu a nitro (timagulu ta maatomu a nayitrojeni ndi okosijeni) amene amakoka maelekitironi mwamphamvu. Molekyulu yotere ikakhala pafupi, imalanda elekitironi yokwera ija isanabwerere, ndiye kuwala sikutuluka. Mu 1998 Jye-Shane Yang ndi Timothy Swager a ku yunivesite ya MIT ku America anasonyeza polima (molekyulu yaitali ngati unyolo) ya pentiptycene imene molekyulu imodzi ya TNT imatha kuzimitsa chigawo chachitali cha unyolo wake, ngati mababu olumikizidwa motsatizana pa waya umodzi, limodzi likapsa onse azima, mdima bii. Luso limeneli ndi limene linalowa m'makina onyamula m'manja otchedwa Fido, amene anapangidwa koyamba ndi kampani ya Nomadics ya ku Oklahoma.

Apa ndiye pagona nkhani. Sensa yamtunduwu imavomera pozima, ndipo zozimitsa kuwala n'zambirimbiri. Batire lofooka limazimitsa, chinyontho chimazimitsa, dzimbiri limazimitsa, asidi amazimitsa. Kapepala sikangakuuzeni kuti mwa onsewa wachita ndani. Ntchito yanu n'kuwachotsa mmodzimmodzi mpaka atsale amene mukumufunayo.

Kukazima musanathirepo kanthu

Yambani ndi nyali, chifukwa ndiyo imanama kawirikawiri. Matochi otchipa a UV, aja amalonda amaunikira ndalama poopa zachinyengo, ambiri amatulutsa kuwala kwa 395 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala), pamene njira zambiri zolembedwa zimatchula 365 nm. Tochi ya 395 nm imatayanso kuwala kwapepo kooneka ndi maso, ndipo kamera imakuwerengera pamodzi ndi kuwala kwa sensa yanu. Batire lake likamatha, chilichonse chimaoneka ngati chikuzima. LED, kababu ka tochiyo, nayo ikatentha m'mphindi zoyamba mphamvu yake imatsika pang'ono isanakhazikike. Choncho ilumikizeni ku magetsi osasintha, iyatseni, isiyeni mphindi zingapo musanajambule chithunzi choyamba, ndipo imangirireni pamalo amodzi. Tochi yogwira m'manja ikasuntha sentimita imodzi yokha, manambala asintha kale. Nyali za mercury ndi xenon za m'makina zimafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti zikhazikike. Magetsi akathima ntchito ili pakati, musaiyatse nyali ya mercury ikadali yotentha. Idikireni izizire, muiyatsenso, mudikirenso, ndipo manambala a pambuyo pake musawasakanize ndi a poyamba musanayeze muyezo wanu.

Muyezo umenewu ndi kwinini, yemwe uja wa malungo. Quinine sulfate wosungunula mu sulfuric acid wa 0.05 M amayamwa kuwala cha pa 350 nm n'kutulutsa kwabuluu cha pa 450 nm, ndipo safulumira kuwonongeka ngati ali m'botolo lofiirira, kutali ndi dzuwa. John Herschel analemba za kuwala kwa kwinini mu 1845, ndipo mpaka lero ndi amene malabu amayezera zida zawo. Muyezeni poyamba, pakati ndi pomaliza ntchito ya tsikulo. Kwinini akatsika pamodzi ndi sensa yanu, vuto lili ku nyali kapena ku kamera. Akakhala chimodzimodzi pamene sensa yatsika, funani vuto pa sensayo.

Za kamera ya foni ndiye pali zolakwika zambiri. Foni imadzisinthira yokha: ikaona chinthu chakuda imachiwalitsa, ikaona chowala kwambiri imachichepetsa. Izi n'zabwino pa zithunzi za ukwati, koma zimafufuta kusiyana kumene inu mukufuna kuyeza. Lowani m'mbali ya Pro, mutseke ISO, liwiro la shutter ndi white balance, ndipo mulembe manambala atatuwa m'kope lanu. Pangani bokosi la katoni lopaka utoto wakuda m'kati, lokhala ndi bowo limodzi la kamera ndi lina la nyali. Zithunzi zisamutseni ndi waya, popeza WhatsApp imazipanikiza mukazitumiza mwa nthawi zonse. Mukazitsegula mu ImageJ, pulogalamu ya pakompyuta yoyezera zithunzi, onani mtundu wabuluu: ngati wafika pa 255, chithunzicho chadzaza mpaka m'kamwa, ndipo kuwala kungatsike ndithu koma nambala osasuntha. Chepetsani nthawi ya shutter mpaka kapepala kosathira kanthu kakhale pansipo ndithu, mwina cha m'ma 200.

Nyali ndi kamera zikakhala bwino, yesani ngati UV yomweyo sikukuwotcha mankhwala anu. Phimbani theka la kapepala ndi foyilo, kaikeni pansi pa nyali mphindi khumi, chotsani foyiloyo. Mukaona mzere wogawa pakati, mbali yophimba ikuwala kuposa inzake, ndiye kuti kuwala kukuwononga mamolekyulu. Mankhwala owala otchedwa fluorescein amachita zimenezi msanga, ndipo mapolima owala nawonso amawonongeka akakumana ndi kuwala pamodzi ndi okosijeni. Chithandizo chake n'kutsekereza nyali pakati pa zithunzi, kuunikira masekondi ochepa ofanana nthawi zonse, ndi kusunga timapepala mumdima.

Nyengo ya kuno

Amene munakhalapo ku Luwinga kapena ku Chibavi mu Juni ndi Julaye mukudziwa mmene zovala zimakanira kuuma pa chingwe. Pepala losefera limamwa chinyontho chomwecho. Kapepala kamene kagona pa tebulo usiku wa chifunga sikofanana ndi kamene katuluka kumene mu uvuni. Madzi amasintha mmene mamolekyulu owala akhalira pa ulusi wa pepala, ndiponso amatseka timalo timene molekyulu ya nitro ikanakhalapo. Zotsatira zake n'kuwala koyambira kosiyana tsiku ndi tsiku komanso sensa yaulesi. Sungani timapepala mu desiccator (chotengera chotseka chosungira zinthu zouma) kapena m'botolo lotseka bwino lokhala ndi silica gel. Silica gel wabuluu uja akasanduka wapinki ndiye kuti wakhuta madzi, muikeni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 mpaka buluu abwerere. Tulutsani kapepala kamodzi pa nthawi, osati mulu wonse.

Kutentha kumakhudza kwambiri amene akuyeza nthunzi m'malo mwa madontho. TNT imatulutsa nthunzi yochepa zedi, magawo pafupifupi 10 pa biliyoni imodzi ya mpweya pa madigiri 25, ndipo kuchulukako kumawirikiza kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri asanu okha. Tsono labu ya m'mawa wa Julaye ndi labu yomweyo masana a Okutobala zingasiyane ndi madigiri khumi, kutanthauza kuti nthunzi ya m'botolo lomwelo yasiyana kanayi. DNT ndi 4-nitrotoluene zimatulutsa nthunzi yambiri kuposa TNT, koma nazo zimamvera kutentha. Ikani thermometer pambali pa botolo, lembani nambala yake pa chiyezo chilichonse, ndipo lisiyeni botolo lotseka nthawi yofanana musanaikemo kapepala.

Mthunzi wa picric acid

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene malipoti ambiri amagwera, ngakhale ena osindikizidwa m'magazini a sayansi. Picric acid amakondedwa m'malabu a ophunzira popeza amasungunuka m'madzi ndipo ali ndi magulu atatu a nitro ngati TNT. Koma ndi wachikasu, ndipo chikasucho chimachokera pa kuyamwa kwake kuwala kuyambira cha pa 350 nm mpaka kupitirira 400 nm. Pomwepo ndi pamene nyali yanu ya 365 nm ikuwalira. Mukamuthira mu cuvette (kabotolo koyezeramo kuwala), amamwa kuwala kwa nyali kusanafike pa mamolekyulu owala, ndipo amamwanso gawo la kuwala kwabuluu kumene kukutuluka. Makina aona kuti kwachepa, inu mulemba kuti sensa yagwira, chonsecho palibe elekitironi imene yalandidwa. Ndi mthunzi chabe. M'mabuku mupeza akuzitcha inner filter effect.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani macuvette awiri. Mu imodzi ikani sensa yanu yokha, mu ina picric acid yekha pa mlingo womwe mumagwiritsa ntchito. Ikani ya picric acid pakati pa nyali ndi ya sensa, osasakaniza kanthu. Kuwala kukatsika ngati mmene kumatsikira mukasakaniza, mwapeza wolakwa. Amene ali ndi makina a UV-Vis ayeze absorbance (kuchuluka kwa kuwala koyamwidwa) pa ma nm awiri, a kuwala kounikira ndi a kuwala kotuluka. Ikapitirira 0.1 muyambe kukayikira. Mu cuvette ya sentimita imodzi mungakonze nambala motere: phatikizani ma absorbance awiriwo, gawani pawiri, kwezani 10 ku nambala yotulukayo, ndipo chulukitsani ndi kuwala kumene mwayeza. Kukonza kotere kumathandiza pamene absorbance sinakwere kwambiri. Njira yabwino koposa n'kusungunula zonse mpaka vutolo lichepe lokha.

Galafu ya Stern-Volmer imakupatsaninso chizindikiro. Mukajambula F0/F (kuwala musanathire chozimitsa kugawa ndi kuwala mutathira) motsutsana ndi mlingo wa chozimitsa, mzere uyenera kuyambira pa 1 n'kukwera mowongoka. Ukapindikira m'mwamba pa milingo yokwera, ophunzira ambiri amalemba kuti pali njira ziwiri zozimitsira zimene zikuchitika pamodzi. N'zotheka, koma musanalembe zimenezo chotsani kaye mthunzi, chifukwa nawo umapinda mzere chimodzimodzi. Kutentha kungakuthandizeni kusiyanitsa: ngati kuzimako kumachokera pa kugundana kwa mamolekyulu, kumakula mukatenthetsa pang'ono, ndipo ngati kumachokera pa kumamatirana kwawo, nthawi zambiri kumachepa.

Pali chinanso chimene anthu amaiwala ngakhale chili m'dzina lenilenilo: picric acid ndi asidi, ndipo ndi wamphamvu ndithu. Fluorescein amawala kwambiri m'madzi a pH yoposa 7 ndipo amazirala pH ikatsika. Macarbon dots ambiri (tizidutswa ting'onoting'ono ta kaboni towala) nawo amasintha ndi pH. Yezani pH musanathire ndi mutathira. Ikasintha, bwerezani zonse mu buffer (madzi oletsa pH kusintha), ndipo yesani asidi wina wopanda nitro pa pH yomweyo kuti muone ngati sachita chimodzimodzi.

Kuwala kosakhala kwanu, ndi zozimitsa zobwera ndi inu

Zimitsani magetsi, muunikire tebulo lanu lonse ndi UV. Pepala la A4 liwala buluu, tishu awala, chovala choyera cha mu labu chimene chachapidwa ndi sopo wa ufa chiwala kuposa sensa yanu. Opanga mapepala ndi sopo amathiramo mankhwala owalitsa kuti zinthu zizioneka zoyera mbee. Kaulusi kamodzi kochokera pa mkono wa chovala kakagwera pa kapepala, kamaoneka ngati kanyenyezi pa chithunzi n'kukweza nambala. Botolo lotsukidwa ndi sopo wa ufa koma losatsukuluza bwino limapereka buluu amene picric acid sangamuzimitse mofanana ndi sensa yanu, ndiye mzere wa galafu yanu umafika pena n'kugona. Gwiritsani ntchito pepala losefera la mu labu, monga Whatman No. 1, ndipo liunikireni lokha musanalinyike.

Madzi a pampopi asiyeni akhale otsukira koyamba basi. Chloride, amene amapezeka m'madziwo ndi mu mchere, amazimitsa kwinini, moti ngakhale mchere wa m'thukuta la zala ungakusokonezereni muyezo, ndipo n'chifukwa chake kwinini sasungunulidwa mu hydrochloric acid. Amene akupanga macarbon dots kuchokera ku citric acid ndi urea kapena ku makoko a zipatso asamale ndi chitsulo: Fe3+ (chitsulo chosungunuka m'madzi) amawazimitsa mwamphamvu, Cu2+ (mkuwa) nayenso. Kasupuni kadzimbiri, madzi odutsa m'paipi yakale, fumbi la katondo lolowera pawindo m'chilimwe, zonsezi zimabweretsa chitsulo. Ndimaona kuti lipoti la carbon dots lopanda chiyezo cha Fe3+ pambali pa cha picric acid silinamalize ntchito yake, kaya galafu yake ndi yokongola bwanji.

Mafuta onunkhira nawo alimo. Mu 1888 Albert Baur, akufufuza zophulika zofanana ndi TNT, anapeza mankhwala onunkhira ngati musk, ndipo achibale ake, musk xylene ndi musk ketone, akhala akuthiridwa mu sopo ndi mafuta odzola kwa zaka zambiri. Ali ndi magulu a nitro pa mphete ya benzene, choncho sensa siinama ikawamva. Pa tsiku loyeza musadzole zonunkhira, valani magolovesi atsopano, ndipo kapepala kagwireni ndi forceps.

Chovuta kwambiri ndi zotsalira za ntchito yanu yomwe. Mamolekyulu a nitro amamatira pa pulasitiki, pa labala, pa zotsekera mabotolo ndi m'timapaipi. Botolo limene munayezeramo nthunzi sabata yatha lingakhale likutulutsabe. Gawani tebulo pawiri, mbali yoyera ndi mbali ya zozimitsa, ndipo forceps, mapipeti ndi magolovesi zisawoloke. Gwiritsani ntchito magalasi, muwatsuke ndi acetone, muwaumitse mu uvuni. Pa chithunzi chilichonse pakhale timapepala tiwiri tochokera pa pepala limodzi, kena kolandira madzi kapena solvent yokha, kena kolandira chozimitsa. Kopanda chozimitsako ndi kamene kadzakuyankhireni pa tsiku loteteza lipoti.

Ikakana kuzima

Ngati sensa ikuwala bwino koma siikumva kanthu, onani makulidwe ake. Nthunzi imalowa pamwamba pokha. Mukapaka mankhwala ochindikala, am'kati amapitiriza kuwala ndipo kuzima kwa apamwamba sikuoneka. Yang ndi Swager anaona kuti timagawo topyapyala kwambiri ndi timene timamva msanga, ndipo pentiptycene anaiikamo dala kuti maunyolo a polima asapanikizane, pakhale timipata tolowera TNT. Sungunulani mankhwala anu kakhumi, munyikenso. Kuwala kudzachepa, koma kumva kudzakula. Mankhwala ambiri owala amadzizimitsanso okha akaunjikana, ndiye kuthira ambiri kumakubwezani m'mbuyo kawiri.

Nthawi zina sensa ilibe vuto, koma mwaifunsa funso losakhala lake. Njira yolanda elekitironiyi imagwira bwino pa mamolekyulu a nitro okhala ndi mphete ya benzene. Zophulika zina monga RDX ndi PETN zilibe mphete yotere, ndipo nthunzi yawo n'njochepa pafupifupi ka 1,000 poyerekeza ndi ya TNT, n'chifukwa chake pa mabwalo a ndege amapukuta chikwama ndi kansalu kuti atole tizidutswa m'malo modalira mpweya wokha. Chophulika china chotchedwa TATP chilibe nitro ndi pang'ono pomwe. Zophulitsira miyala m'makwale ndi m'migodi zambiri zimachokera ku ammonium nitrate, amene ndi mchere, ndipo sazimitsa polima mwa njira imeneyi. Choncho lipoti lisanene kuti sensa ikuzindikira zophulika zonse pamene mwayesa picric acid yekha. Linene chimene mwayesa, pa mlingo wanji, m'madzi kapena mumpweya. Ngakhale abwampini aja a bungwe la APOPO ku Morogoro m'dziko la Tanzania, amene anathandiza kuchotsa mabomba okwirira ku Mozambique dzikolo lisanalengeze mu 2015 kuti lamaliza ntchitoyo, amaphunzitsidwa fungo la TNT mwapadera, osati kuti amangomva chophulika chilichonse.

Ndipo pasapezeke wina wopita ku kwale kukapempha kachidutswa koti ayesere. Zophulika zimasungidwa ndi anthu okhala ndi chilolezo cha boma, ndipo m'labu ya ophunzira mulibe malo ake. Pa ntchito ya nthunzi, 4-nitrotoluene kapena DNT wochepa wochokera kwa woyang'anira labu ndi wokwanira, ndipo mugwire mu fume hood (kabati yokoka mpweya woipa) mutavala magolovesi chifukwa onsewa ndi poizoni wolowera ngakhale pakhungu. Maso nawo atetezeni ku UV ndi magalasi oyenera, makamaka ngati nyali yanu ili ndi batani la 254 nm.

Botolo la picric acid

Picric acid amagulitsidwa ali wonyowa, wokhala ndi madzi osachepera 30 peresenti, chifukwa akauma amatha kuphulika akagundidwa kapena kukhuzidwa. Akakhudzana ndi zitsulo monga mtovu, chitsulo kapena mkuwa, amapanga mchere woopsa kuposa iye mwini. Musamutape ndi kasupuni kachitsulo, musamusunge m'botolo la chotsekera chachitsulo, ndipo zotsala musazithire mu sinki, poti zimakakumana ndi mapaipi. Mukatapa, pukutani kukamwa kwa botolo ndi kansalu konyowa musanatseke, kansaluko n'kukaviika m'madzi. Ophunzira apatsidwe wosungunula kale ndi woyang'anira labu, pa mlingo wochepa umene ntchito ikufuna.

M'masitolo akale a mankhwala, kuseri kwa shelefu, mumatha kupezeka botolo limene palibe amene akukumbuka chaka chimene linabwera. Mukaona kuti m'kati mwauma, kapena pali timiyala tachikasu kuzungulira chotsekera, musalitsegule ndipo musalinyamule, chifukwa kupotokola chotsekerako ndi kumene kumakhuza timiyalato. Tulutsani anthu, tsekani chipinda, uzani mkulu wa dipatimenti, ndipo iye aitane apolisi kuti atumize akatswiri a zophulika adzalichotse.